Mafunso ndi Mayankho: Realism m'Nthano za ku America, Mawu Ake ndi Luso Lake

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira zolembalemba amafunsa mobwerezabwereza akakumana ndi mabuku a ku America a pakati pa 1865 ndi 1910. Mawu ambiri a phunziroli ndi a Chingelezi ndipo tawasiya momwemo, chifukwa ndi mmene mukawapezere m'mabuku ndi pa mayeso.

Kodi realism ndi chiyani?

Ndi kalembedwe ka nthano kamene kanazika mizu ku America nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865. Olemba ake anatopa ndi ngwazi zosalakwa, asungwana okomoka ndi chikondi, ndiponso chuma cha amalume osadziwika chotulukira pa tsamba lomaliza kudzapulumutsa aliyense. Iwo ankafuna anthu wamba: wopanga penti, mkazi wa mlimi, mnyamata wothawa sukulu, mtsikana wofuna ntchito m'fakitale.

Amene ankaimira gululi anali William Dean Howells, mkonzi wa magazini ya Atlantic Monthly kuyambira 1871 mpaka 1881. M'buku lake la 1891, Criticism and Fiction, anayerekeza nkhaniyi ndi ziwala ziwiri. China n'chopangidwa ndi waya ndi pepala lolimba, chopakidwa utoto bwino, chimene akatswiri akhala akupatsirana kwa zaka zambiri. China n'chiwala chenicheni chimene munthu wachitola m'udzu. Howells ankati wolemba alembe za chiwala cha m'udzucho, ngakhale chisakongole.

N'chifukwa chiyani zinayamba nthawi imeneyo?

Choyamba ndi nkhondo ija. Inapha anthu oposa 600,000, ndipo mu 1862 anthu a ku New York anaona ndi maso awo zithunzi za mitembo ya asilikali ofera pa nkhondo ya ku Antietam m'nyumba yoonetsera zithunzi ya Mathew Brady. Munthu amene waona zoterozo savomera msanga nthano yonena kuti kufera kunkhondo n'kokoma.

Kenako dziko linasintha mofulumira. Njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo inatha mu 1869. Mzinda wa Chicago unali ndi anthu pafupifupi 30,000 mu 1850, koma pofika 1890 anali ataposa miliyoni imodzi. Magazini monga Atlantic Monthly, Harper's ndi Century ankalipira nkhani ndipo ankafika kutali. Olemba ambiri a nthawiyo, monga Mark Twain, Stephen Crane ndi Theodore Dreiser, anayambira m'nyuzipepala, komwe munthu amaphunzira kulemba zimene waona. Ankawerenganso anzawo a ku Ulaya: Balzac, Flaubert, George Eliot, Turgenev ndi Tolstoy.

Realism imasiyana bwanji ndi romanticism?

Nathaniel Hawthorne, yemwe anali wa mbali inayo, anafotokoza yekha kusiyanaku m'mawu oyamba a The House of the Seven Gables mu 1851. Iye anati novel imayenera kutsata zimene zimachitika masiku onse, pamene romance ili ndi ufulu wolowetsamo zodabwitsa. Anasankha romance. Otsatira realism anasankha inayo, ndipo sanasankhe mwakachetechete.

Twain ndiye ankaseka kwambiri. Mu Adventures of Huckleberry Finn muli sitima yapamadzi imene yagunda mwala ndipo ikumira, dzina lake Walter Scott, wolemba wotchuka wa nthano za ngwazi. Mu 1895 analembanso nkhani yonse yonyoza James Fenimore Cooper, kuti m'mabuku ake munthu akafuna kuyenda mwakachetechete m'nkhalango amayenera basi kuponda kamtengo kouma.

Olemba ofunika kuwadziwa ndi ati?

Atatu amatchulidwa poyamba: Howells, Twain ndi Henry James. Pambali pawo pali Sarah Orne Jewett, Mary Wilkins Freeman, Kate Chopin, Charles Chesnutt, Hamlin Garland ndi Edith Wharton. Crane, Dreiser, Frank Norris ndi Jack London amaikidwa m'gulu la naturalism, lomwe lili ndi funso lake m'munsimu. Musaiwale Rebecca Harding Davis, amene nkhani yake ya antchito a m'fakitale ya zitsulo, Life in the Iron Mills, inatuluka mu 1861, onsewa asanatchuke.

Verisimilitude ndiye chiyani? Si kungolemba zonse zimene waona?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Verisimilitude ndi kuoneka ngati zoona. Nthano imakhalabe yopeka, koma wolemba amasankha tinthu timene tichititse wowerenga kukhulupirira. Mawu ofunika ndi kusankha. Wolemba wongounjika chilichonse chimene chili m'chipinda amatopetsa, sakhutiritsa.

Taonani Sister Carrie ya Dreiser, ya mu 1900. Carrie, mtsikana wa zaka 18, akukwera sitima yopita ku Chicago ali ndi madola 4. Akupeza ntchito m'fakitale ya nsapato ya madola 4.50 pa sabata, ndipo madola 4 amapereka kwa mkulu wake ndi mlamu wake, a chakudya ndi malo ogona. Werengerani nokha zotsala. Nyengo yozizira ikubwera, alibe jekete, akudwala, ntchito ikutha. Ndiye mwamuna wina wogulitsa malonda, Drouet, akumufumbatitsa ndalama zapepala ziwiri za madola 10 iliyonse. Dreiser safunika kutiuza kuti yesero lake linali lalikulu. Masamu aja anena kale.

Ndalama, lendi, mitengo ya zovala ndi ngongole zili ponseponse m'mabuku amenewa. Mukaona wolemba akutchula mtengo wa chinthu, dzifunseni kuti mtengowo ukumukankhira kuti mpangankhani.

Nanga vernacular, dialect ndi eye dialect zimasiyana pati?

Vernacular ndi chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku cha anthu wamba. Dialect ndi kayankhulidwe ka dera kapena gulu linalake. Eye dialect ndi chinyengo cha m'maso: wolemba amapotoza kalembedwe ka mawu pamene katchulidwe kake sikanasinthe kwenikweni, monga kulemba wuz m'malo mwa was. Khutu silimva kusiyana kulikonse. Diso lokha ndi limene likuuzidwa kuti woyankhulayu ndi mbuli.

Twain ananyadira luso limeneli. Kumayambiriro kwa Huckleberry Finn, imene inatuluka ku Britain mu 1884 ndi ku America mu 1885, anaika chidziwitso chonena kuti m'bukumo muli mayankhulidwe asanu ndi awiri, ndi kuti sanawalembe mwachisawawa. Chatsopano chinali chakuti Huck, mnyamata wosaphunzira, ndiye akufotokoza buku lonse. Kale kayankhulidwe kotere kankatsekeredwa m'mawu a apangankhani, pamene wofotokoza nkhani ankayankhula Chingelezi cha kusukulu ataima pamwamba pawo. Laibulale ya ku Concord, m'chigawo cha Massachusetts, inachotsa bukuli m'mashelufu ake mu 1885 ponena kuti ndi lachabechabe.

Komatu lusoli lili ndi minga. Funso lake ndi lakuti: ndani amene mawu ake akupotozedwa, ndipo ndani akulembedwa bwinobwino? Azungu olemera a ku Boston nawonso anali ndi katchulidwe kawokawo, koma kawirikawiri mawu awo ankalembedwa mowongoka. Anthu akuda, alimi osauka ndi obwera kumene ndi amene ankapotozeredwa. Owerenga Chichewa amachidziwa chimenechi: m'sewero akafuna kuseketsa anthu amapatsa munthu wa mtundu wina Chichewa chokhota, ngati kuti enawo amayankhula cha m'buku. Wandakatulo wakuda Paul Laurence Dunbar anagwa mumsampha womwewu. Howells anamutamanda ndi kumulembera mawu oyamba a Lyrics of Lowly Life mu 1896, koma anayamikira kwambiri ndakatulo zake za dialect, ndipo Dunbar anadandaula kuti owerenga sankalabadira zimene analemba m'Chingelezi chowongoka.

Local color ndi regionalism ndi chinthu chimodzi?

Ambiri amazisakaniza ndipo salakwa kwenikweni. Zonse ndi nthano zozikika m'dera limodzi, ndi kayankhulidwe kake, zakudya, miyambo ndi nyengo yake. Bret Harte analemba za okumba golide a ku California, Jewett za midzi ya asodzi ya ku Maine, Chopin za ku Louisiana, Garland za alimi a m'zigawo za pakati.

Akatswiri ena amasiyanitsa motere: local color imaonetsa dera kwa mlendo ngati chinthu chodabwitsa, pamene regionalism imayang'ana kuchokera mkati. Mwa kuona kwanga kusiyanitsaku n'kothandiza, bola musakuumirire. Nkhani ya Freeman, The Revolt of "Mother", ili ndi zonse za local color, koma si yongosangalatsa alendo. Sarah Penn wadikira zaka 40 nyumba imene mwamuna wake anamulonjeza. Mwamunayo akumanga khola latsopano la ziweto pamalo penipeni pamene panayenera kukhala nyumbayo. Tsiku lina bambo atachokapo, mayi akusamutsira mbale, mabedi ndi ana m'kholamo. Ndi nkhani yoseketsa, koma mkwiyo wake ndi weniweni.

Frame story ndi chiyani, ndipo bwanji imatchulidwa limodzi ndi Chesnutt?

Ndi nthano ya mkati mwa nthano inzake. Wofotokoza woyamba, kawirikawiri munthu wophunzira, amatidziwitsa wofotokoza wachiwiri amene amayankhula dialect, ndipo kumapeto woyamba uja amabweranso kudzatseka.

Joel Chandler Harris, mtolankhani wachizungu wa ku Georgia, anatchuka nayo kuyambira 1880 ndi nkhalamba yake Uncle Remus, yosimbira kamwana kachizungu nthano za Brer Rabbit. Nthano zimenezo Harris anazimva kwa anthu akuda, ndipo mizu ya zambiri mwa izo ili ku Africa. Aliyense amene anakula akumva za Kalulu adzamuzindikira msanga m'bale wakeyu. Vuto lili pa chimango: Remus ndi wokhutira, ndipo nthawi ya ukapolo ikuoneka ngati inali yamtendere.

Chesnutt, wolemba wakuda, anatenga chimango chomwecho n'kuchitembenuza mu The Conjure Woman ya 1899. John, mzungu wochokera kumpoto, wagula munda wa mphesa ku North Carolina. Uncle Julius, amene anali kapolo, amamusimbira nthano iye ndi mkazi wake Annie. Mu Po' Sandy, kapolo wotopa ndi kubwereketsedwa uku ndi uku akusandutsidwa mtengo ndi mkazi wake wodziwa mankhwala kuti akhale malo amodzi. Mkaziyo atatumidwa kutali, mtengowo ukudulidwa n'kuchekedwa matabwa. John akuona ngati ndi zikhulupiriro za anthu osaphunzira. Annie akumva ululu wake ndipo akukana kuti nyumba yakale yomangidwa ndi matabwawo iphwasulidwe kuti amangire khitchini yake. Pamapeto Julius akupeza nyumbayo kuti mpingo wake uzipemphereramo. Wophunzira uja ndiye wosamva kanthu, ndipo nkhalamba ya Chingelezi chokhota ndiyo ikuyendetsa zonse.

Unreliable narrator ndi irony zimagwirizana bwanji?

Unreliable narrator ndi wofotokoza nkhani amene sitingamukhulupirire kwathunthu, mwina chifukwa ndi wabodza, mwina chifukwa ndi mwana kapena sazindikira zimene akuona. Dzinali linabwera mochedwa, ndi katswiri wa zolembalemba Wayne Booth mu 1961, koma lusolo linalipo kale. Irony imabadwa pa mpata umene uli pakati pa zimene wofotokozayo akunena ndi zimene wowerenga akuzindikira.

Chitsanzo chimene aphunzitsi onse amathamangira ndi mutu 31 wa Huckleberry Finn, ndipo ali ndi chifukwa. Huck anaphunzitsidwa kuti kuthandiza kapolo kuthawa ndi kuba, ndiponso ndi tchimo. Akulemba kalata youza Miss Watson kumene kuli Jim, kapolo wa mayiyo amene Huck akuthawa naye, ndipo akumva kuti wayera mtima. Kenako akukumbukira usiku wa pa mtsinje wa Mississippi, ndi mmene Jim ankamulondera tulo kuti iye agone. Akung'amba kalatayo n'kunena kuti basi, apita kugehena. Huck akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wasankha choipa. Wowerenga akudziwa kuti ndi chabwino koposa chimene wachita m'buku lonse. Twain sanenapo kanthu.

M'mutu wotsatira, Aunt Sally, mayi wachizungu amene Huck wafika pakhomo pake, akufunsa ngati wina anavulala pa ngozi ya sitima imene Huck wapeka. Huck akuyankha kuti ayi, koma munthu wakuda mmodzi ndiye anafa. Mayiyo akuti ndi mwayi, chifukwa nthawi zina anthu amavulala. Ndi mayi wachifundo, wopemphera, ndipo kuopsa kwa mzerewo kuli pomwepo.

Psychological realism ya Henry James ndi yotani?

James ankati zochitika zazikulu zimachitikira m'mutu. Njira yake inali yosankha mpangankhani mmodzi n'kutionetsa zonse kudzera m'maso ndi m'maganizo ake, ngakhale nkhaniyo ikufotokozedwa ndi "iye" osati "ine". Ichi chimatchedwa center of consciousness. Mu Daisy Miller ya 1878 sitilowa m'mutu mwa Daisy ngakhale kamodzi. Timangomuona mmene Winterbourne, mnyamata amene wakopeka naye, akumuonera, ndipo Winterbourne akumuweruza molakwa.

Mu The Portrait of a Lady ya 1881, Isabel Archer akulowa m'chipinda n'kupeza mwamuna wake Osmond atakhala pampando pamene mlendo, Madame Merle, waimirira. Palibe chimene akunena kapena kuchita cholakwika. Koma mwa ulemu wa anthu amenewo mwamuna sakhala pansi mayi wachilendo ali chiimire, pokhapokha ngati awiriwo anazolowerana kuposa mmene amaonetsera. M'mutu 42 Isabel akukhala yekha pafupi ndi moto mpaka usiku kwambiri, akusinkhasinkha za ukwati wake. Sanyamuka pampando, koma pofika kumapeto kwa mutuwo ukwati wonse wauona mmene ulili. James ankati mutu umenewu ndi wabwino koposa m'bukumo.

Chenjezo: mabuku ake omaliza, monga The Ambassadors ya 1903, ali ndi ziganizo zazitali zotha kukugonetsani. Musayambire kumeneko.

Free indirect discourse imandisokoneza. Ndingaizindikire bwanji?

Yerekezani ziganizo zitatu izi, zomwe ndapeka:

Anaganiza kuti, "Nsapato zangazi zatha, koma palibe aone."

Anaganiza kuti nsapato zake zinali zitatha koma palibe akanaona.

Anayang'ana nsapato zake. Zinali zitatha, inde, koma ndani akanataya nthawi kuyang'ana pansi?

Chachitatucho ndicho free indirect discourse. Mawu akuti "anaganiza kuti" achoka, nkhani ikadali ya "iye", koma "inde" uja ndi funso lija ndi za mpangankhani. Fufuzani mafunso, mfuu ndi mawu odzikhululukira amene wofotokoza wopanda mbali sakananena. Chopin amaigwiritsa ntchito mu The Story of an Hour ya 1894, pamene Louise Mallard, atauzidwa kuti mwamuna wake wafa pa ngozi ya sitima, akuyamba kumva chimwemwe chimene akuchita nacho mantha. Lusoli limathandiza wolemba kutilowetsa m'maganizo otere popanda kuwavomereza kapena kuwadzudzula.

Naturalism ndi realism yomweyo?

Ndi mwana wake wokwiya. Realism ya Howells imakhulupirira kuti munthu angathe kusankha. Mu The Rise of Silas Lapham ya 1885, wopanga penti wolemera akukana kugulitsa malo mwachinyengo, chuma chikumuthera, ndipo kukwera kumene kuli m'dzina la bukulo ndi kwa khalidwe lake. Naturalism imati kusankhako n'kochepa: magazi a makolo, umphawi, njala, chilakolako ndi mwayi ndizo zimayendetsa munthu. Ganizo limeneli limatchedwa determinism, ndipo olembawa analitengera kwa katswiri wa sayansi Charles Darwin ndi kwa wolemba wa ku France, Émile Zola.

Crane anasindikiza Maggie: A Girl of the Streets ndi ndalama zake mu 1893, pa dzina lobisika la Johnston Smith. Norris ankaseka realism ya Howells kuti ndi sewero la kapu ya tiyi yosweka, ndipo McTeague yake ya 1899 ikuthera m'chipululu cha Death Valley, wochotsa mano atamangidwa unyolo kudzanja la mtembo wa mnzake wakale, madzi palibe. Mu To Build a Fire ya London, ya 1908, munthu wopanda dzina akuyenda ku Yukon kukuzizira madigiri 75 pansi pa ziro pa muyeso wa Fahrenheit. Akukoleza moto pansi pa mtengo, chipale cha m'nthambi chikugwa n'kuuzimitsa. Galu wake akupulumuka. Palibe mdani m'nkhaniyi, kuzizira sikudana naye, sikumudziwa n'komwe.

Kodi olemba realism ankagwiritsa ntchito zizindikiro?

Kwambiri, kungoti chizindikirocho chimayenera kukhala chinthu chimene chikanapezeka pamalopo ngakhale chikanakhala chopanda tanthauzo. Mpando wogwedezeka wa Carrie umayenda koma supita kulikonse. Dzino lalikulu lagolide limene McTeague amalakalaka ndi chikwangwani cha ntchito yake. Nyumba imene Lapham akumanga ku Back Bay, dera la olemera ku Boston, ikupsa ndi moto umene anakoleza yekha poyesa chumuni.

Bwanji nthano zambiri zimangotha popanda mathero omveka?

Chifukwa olembawo ankaona ukwati ndi imfa za pa tsamba lomaliza ngati zina mwa ziwala zapepala zija. Isabel akubwerera ku Rome ndipo James satiuza chimene akukachita. Carrie akutchuka, ali ndi ndalama, ndipo sakukondwa.

Huckleberry Finn ndi nkhani ina. Mitu yomaliza, pamene Tom Sawyer, mnzake wa Huck, akusandutsa kumasula Jim kukhala masewera chonsecho akudziwa kuti Jim anamasulidwa kale, yakanganitsa owerenga kwa zaka zambiri. Ena amati ndi chipongwe cholunjika kwa azungu amene ankasewera ndi ufulu wa anthu akuda ukapolo utatha. Ine ndimaona kuti ganizolo lingakhale loona koma mituyo ndi yaitali mopyola, ndipo Jim wa pa mtsinje uja akuchepetsedwa. Percival Everett anasimbanso nthanoyi kuchokera kwa Jim m'buku lake James la 2024, lomwe linapata mphotho ya Pulitzer mu 2025.

Kodi realism inanenadi zoona zonse?

Ayi. Magazini aja ankawerengedwa pabanja, ndipo akonzi ankaopa nkhani za kugonana. Howells mwini analembapo kuti mbali zomwetulira za moyo ndizo za Chimereka kwambiri, mawu amene adani ake sanamuiwalire, ngakhale kuti ndi yemweyo amene mu 1887 anapempha poyera kuti oweruzidwa pa mlandu wa bomba limene linaphulika pa msonkhano wa antchito ku Haymarket, ku Chicago, asanyongedwe. The Awakening ya Chopin, ya 1899, inanyozedwa chifukwa Edna Pontellier akufuna moyo wake kunja kwa ukwati ndipo wolemba samudzudzula. Chesnutt atalemba The Marrow of Tradition mu 1901, yochokera pa kuphedwa kwa anthu akuda ku Wilmington mu 1898, Howells anati bukulo n'lowawa mtima, ndipo silinagulidwe monga ankayembekezera.

Ngakhale buku likagunda, silinkagunda pamene wolemba analoza. Upton Sinclair anatulutsa The Jungle mu 1906 kuti anthu amvere chisoni antchito a m'malo ophera nyama ku Chicago. Owerenga ananyansidwa ndi nyamayo, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa malamulo oyendera nyama ndi zakudya. Sinclair anati analoza mtima wa anthu koma anamenya mimba.

Pa mayeso akandipatsa ndime, ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi funso lakuti ndani akuona ndipo ndani akuyankhula, chifukwa nthawi zina si munthu mmodzi. Kenako onani amene mawu ake alembedwa mokhota. Pezani chinthu chimodzi chogwirika, kaya ndi mtengo wa chipewa kaya ndi mpando, munene ntchito imene chikugwira. Kungolemba kuti "ndimeyi ikuonetsa moyo weniweni" sikupatsa malikisi. Ndipo musalimbane ndi kukankhira wolemba m'bokosi limodzi: The House of Mirth ya Wharton, ya 1905, ili ndi maphwando a olemera ngati a James, koma kugwa kwa Lily Bart kukuyenda ngati kwa naturalism.

Ndiyambire pati kuwerenga?

Yambani ndi zazifupi: The Story of an Hour, yomwe ndi ya masamba awiri kapena atatu, kenako Po' Sandy, A White Heron ya Jewett ndi The Open Boat ya Crane, imene analemba atapulumuka pa kumira kwa sitima ya Commodore kufupi ndi Florida mu 1897. Mukatero tengani Daisy Miller, ndipo Huckleberry Finn ibwere pambuyo pake. Dialect ikakuvutani, werengani mokweza, khutu limamva zimene diso likukana. Mabuku onse a nthawi imeneyo amene atchulidwa pano amapezeka mwaulere pa intaneti, pa Project Gutenberg ndi malo ena otere, ndipo amatsitsika pa foni osadya bandulo yambiri.